Chotupa cha mu ubongo ndi alonda amene chimawalemba ganyu

Chotupa cha mu ubongo chotchedwa glioblastoma madokotala akachichotsa n'kuchiunika pa maikulosikopu, amapeza kuti si nyama yonseyo imene ili khansa. Mwa maselo khumi alionse a m'chotupacho, atatu, mwina mpaka asanu, amakhala maselo a chitetezo cha thupi, amene ntchito yawo ndi kulondera ubongo ndi kudya chilichonse chachilendo. Maselowa sakhala kunja ngati asilikali ozinga mdani. Amakhala m'katikati mwa chotupa, ali moyo, akugwira ntchito, ndipo yambiri mwa ntchito imeneyo imakomera chotupacho.

Kwa anthu a ku Thekerani, kummwera kwa boma la Thyolo, mawu akuti chitetezo cha m'thupi si a m'buku la sukulu. Boma limeneli ndi limodzi mwa maboma amene Edzi idawasautsa kwambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse adali ndi kachilombo ka HIV. Bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kugwira ntchito ku Thyolo mu 1997, ma ARV adayamba kuperekedwa mu 2003, ndipo chipatala cha Thekerani chidali chimodzi mwa zipatala zoyambirira za kumudzi kumene odwala adayamba kulandirira mankhwalawa osakweranso galimoto kupita kuboma. Kuyambira pamenepo, wothyola tiyi ku Makwasa kapena mlimi wa kwa Nsabwe amatha kufotokoza kuti CD4 ndi asilikali a m'thupi, ndi kuti akachepa, matenda amalowa ngati m'nyumba yopanda chitseko. Zimenezi n'zoona. Koma zimasiya m'maganizo chithunzi chakuti msilikali aliyense amene alipo ali kumbali ya mwini thupi, ndipo zotupa za mu ubongo zimatsutsa chithunzi chimenecho.

Ubongo uli ndi mpanda wakewake. Mu 1885 Paul Ehrlich, wasayansi wa ku Germany, adabaya utoto m'magazi a nyama, ndipo ziwalo zonse zidasintha mtundu kupatula ubongo. Wophunzira wake, Edwin Goldmann, adachita motembenuza mu 1913: adathira utotowo m'madzi ozungulira ubongo, ndipo ubongo wokha ndiwo udadetsedwa. Chimene chimachititsa n'chakuti maselo opanga khoma la timitsempha ta magazi ta mu ubongo ndi olumikizana mothina kwambiri, moti shuga ndi mpweya zimadutsa koma tizilombo tambiri, mankhwala ambiri ndi maselo oyera a m'magazi zimatsala kunja. Mu 1948 Peter Medawar adaika kachidutswa ka khungu la kalulu wina mu ubongo wa kalulu mnzake, ndipo thupi silidakakane monga limachitira khungu lachilendo likaikidwa pena paliponse. Kwa zaka zambiri ophunzira udokotala ankauzidwa kuti chitetezo cha thupi sichifika ku ubongo.

Chiphunzitso chimenecho chidapitirira malire. Mu 2015 Antoine Louveau ndi Jonathan Kipnis a ku University of Virginia, komanso gulu lina la ku Helsinki, adapeza timitsempha m'chikuta cha ubongo timene timatenga madzi a mu ubongo kupita nawo ku tizigawo ta chitetezo ta m'khosi, tomwe tija tikatupa anthu amati mwanabere. Choncho thupi limamva zochitika mu ubongo. Kungoti limayankha mosamala, pakuti chigaza sichifutukuka, ndipo nkhondo imene pakhungu ingangosiya chithupsa, m'mutu ikhoza kupha munthu.

M'kati mwa mpandamo muli alonda okhazikika, maselo otchedwa microglia. Adawafotokoza koyamba ndi Pío del Río Hortega ku Madrid mu 1919, atapeza njira yowapaka siliva kuti aoneke. Mwa maselo khumi a mu ubongo, pafupifupi limodzi ndi la mtundu umenewu. Chiyambi chawo n'chosiyana ndi cha maselo ena a chitetezo. Sachokera m'mafuta a m'mafupa, kumene maselo a magazi amapangidwa moyo wonse. Kafukufuku wa mu 2010 wa Florent Ginhoux ndi Miriam Merad adaonetsa kuti amachokera m'kathumba kamene kamakhala pambali pa mluza m'masiku oyambirira a pathupi, amalowa mu ubongo mpanda usanatsekedwe, ndipo kuyambira pamenepo amaberekana okha komweko. Ndi eni mudzi, osati obwera.

Kale ankaganiziridwa kuti amangokhala phee kudikira ngozi. Mu 2005 asayansi atajambula ubongo wa mbewa zamoyo, adaona kuti selo lililonse la microglia limakhala malo amodzi koma timanja take tambirimbiri timatambasuka ndi kubwerera kosalekeza, kukhudza zonse zozungulira, ndipo pakavulala penapake timanjato timakhamukira pomwepo m'mphindi zochepa. Maselowa amadya maselo akufa, amameza tizilombo, ndiponso amadulira timalumikizidwe ta maselo a ubongo timene sitikugwira ntchito, monga momwe tiyi amadulidwira kuti aphuke bwino.

Zotupa za mu ubongo zilipo mitundu yoposa 100, ndipo zambiri si glioblastoma. Chofala kwambiri mwa akuluakulu ndi meningioma, chimene chimamera pa chikuta cha ubongo, chimakula pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri si khansa. Zotupa zina zimachita kubwera kuchokera ku khansa ya m'mapapo, ya m'mawere kapena ya pakhungu. Gulu la glioma limamera kuchokera ku maselo ochirikiza a ubongo weniweniwo, ndipo glioblastoma ndiyo yoopsa kwambiri m'gululi. Kafukufuku wa Roger Stupp wa mu 2005, amene adakhazikitsa chithandizo chimene chikugwirabe ntchito lero, adapeza kuti kuwonjezera mankhwala a temozolomide pa opaleshoni ndi cheza kudatalikitsa moyo wa wodwala wapakatikati kuchoka pa miyezi 12.1 kufika pa 14.6. Kusiyana kwa miyezi iwiri ndi theka kudalandiridwa ngati chipambano chachikulu, ndipo zimenezo zokha zikuonetsa kuuma kwa matendawa.

Chotupa chikayamba kukula chimatulutsa timapuloteni toitana, monga CCL2 ndi CSF-1. Ma microglia a pafupi amamva fungolo n'kusendera. Chotupacho chimawononganso mpanda pamalo pamene chili, ndipo maselo oyera a m'magazi otchedwa monocyte amalowerera, n'kusanduka ma macrophage, dzina lochokera ku Chigiriki lotanthauza wakudya kwambiri. Motero m'chotupa mumapezeka magulu awiri ofanana nkhope koma osiyana kochokera. Obwera a m'magazi amachuluka pakati, mozungulira mitsempha ndi pamalo pamene nyama yafa chifukwa chosowa mpweya. Eni mudzi aja amapezeka kwambiri m'mphepete, pamene chotupa chikulowerera mu ubongo wabwino.

Chifukwa chimene alondawa amathandizira chotupa chagona pa ntchito yawo yachiwiri. Macrophage si womenya nkhondo chabe, ndi wopoletsanso zilonda. Munthu akadzitema ndi chikwanje, maselowa amayamba apha tizilombo, kenaka amasintha khalidwe: amachotsa zinyalala, amaitana mitsempha yatsopano ya magazi, amafewetsa nyama yozungulira kuti maselo atsopano adutse, ndipo pomaliza amauza asilikali ena kuti nkhondo yatha. Rudolf Virchow adaona maselo oyera m'zotupa mu 1863, ndipo mu 1986 Harold Dvorak wa ku Boston adafanizira chotupa ndi chilonda chimene sichipola. Glioblastoma imadzionetsa ngati chilonda, ndipo alonda amachita zonse zimene amachitira chilonda, osaleka, popeza chilonda chake sichitseka. Sakugalukira thupi. Akutsata lamulo labwino pamalo olakwika.

Zimene amachita n'zodziwika mwatsatanetsatane. Amatulutsa VEGF, puloteni yomeretsa mitsempha ya magazi, ndipo chotupa chimapeza chakudya. Amatulutsa EGF, imene imafulumizitsa maselo a khansa kuyenda. Amatulutsa TGF-beta ndi IL-10, zoziziritsa maselo ena a chitetezo. Choopsa kwambiri ndi kulambula njira. Maselo a ubongo amakhala m'chinthu chonga ukonde wa mapuloteni, ndipo kuti selo la khansa lisunthe, ukondewo uyenera kudulidwa. Chotupa chimatulutsa lumo lake, enzyme yotchedwa MMP-2, koma limatuluka lili losanola. Gulu la Helmut Kettenmann ku Berlin lidaonetsa mu 2009 kuti ma microglia, atanyengereredwa ndi chotupa, ndiwo amapanga enzyme ina, MT1-MMP, imene imanola lumolo. Zaka zinayi m'mbuyo mwake gulu lomwelo lidachotsa ma microglia m'tizidutswa ta ubongo wa mbewa, ndipo maselo a glioma adachepetsa kwambiri kulowerera kwawo. N'chifukwa chake dokotala wa opaleshoni angachotse zonse zimene maso ake ndi sikani zikuona, koma maselo ena amakhala atayenda kale masentimita angapo m'kati mwa ubongo wolankhula, woona ndi woyendetsa miyendo. Akuluakulu adanena kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Chotupa chilinso ndi zodzitetezera zakezake. Maselo ake amavala puloteni yotchedwa CD47, chizindikiro chimene maselo abwino a thupi amavala pouza macrophage kuti asawadye. Irving Weissman wa ku Stanford ndi anzake adaonetsa kuti makhansa ambiri amachulukitsa chizindikirochi. Mu 2011 gulu la Michael Platten ku Heidelberg lidapeza kuti glioma imaphwanya tryptophan, chakudya chimene maselo a chitetezo amafuna, n'kupanga kynurenine, imene imawafooketsa.

Nanga asilikali a CD4 ndi abale awo a CD8, amene onse pamodzi amatchedwa maselo a T? Mu glioblastoma amapezeka ochepa, ndipo amene alowamo amakhala otheratu mphamvu, atavala puloteni ya PD-1 imene imagwira ntchito ngati buleki. Ma macrophage a m'chotupa ndi ena mwa amene amaponda bulekiyo. Chodabwitsa china chidatuluka mu 2018 ku Duke University, m'kafukufuku wotsogoleredwa ndi Peter Fecci. Odwala ena a glioblastoma, opanda HIV ndiponso asanalandire mankhwala alionse, adapezeka ndi CD4 yotsika ngati ya munthu wodwala Edzi, ena osafika pa 200, nambala imene aliyense amene adakhalapo pa mzere wa ma ARV ku Thekerani m'zaka zoyambirira amaikumbukira. Akapamba awo adali ofota. Koma maselowo sadafe. Adapezeka ataunjikana m'mafuta a m'mafupa, atataya puloteni yotchedwa S1P1, imene ili ngati chiphaso chotulukira. HIV imapha asilikali, pomwe chotupa cha m'mutu chimangowatsekera kumsasa. Pa mbewa zidaonekanso kuti khansa ya m'mawere kapena ya pakhungu imachita chimodzimodzi ikaikidwa m'chigaza, koma osati ikaikidwa m'mbali mwa thupi, kusonyeza kuti vuto likuchokera pa malowo, osati pa mtundu wa khansa.

Si ma glioma onse amene amakhala chonchi. Mu 2008 ndi 2009 kudadziwika kuti ena, makamaka a anthu a zaka zocheperapo, ali ndi kusintha kwa jini yotchedwa IDH. Zotupa zimenezi zimakula pang'onopang'ono, zimakhala ndi obwera a m'magazi ochepa, ndipo ambiri mwa alonda ake ndi ma microglia. Zimatulutsanso mankhwala otchedwa 2-hydroxyglutarate amene amagonetsa maselo a T. Palinso mfundo imene kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wakhala akuibwereza: anthu a mphumu ndi a ziwengo, amene chitetezo chawo chimapsa mtima msanga, amadwala glioma mocheperapo poyerekeza ndi anzawo.

Ku Thyolo, kumene mabanja ambiri ali ndi wina amene amamwa ma ARV, mbali ina ya nkhaniyi ili pafupi kwambiri kuposa glioblastoma. Pali chotupa chimene chimamera mu ubongo kuchokera ku maselo a chitetezo enieniwo, lymphoma ya mu ubongo. Anthu pafupifupi onse a kuno amatenga kachilombo ka Epstein-Barr ali ana, ndipo kamakhala moyo wonse m'maselo ena a chitetezo otchedwa maselo a B, maselo a T akukayang'anira. CD4 ikatsika kwambiri, makamaka pansi pa 50, woyang'anira amasowa, ndipo maselo a B ogwidwawo amatha kuchulukana mpaka kukhala chotupa. Kulikonse kumene ma ARV adafika, chotupa chimenechi chidachepa. Apa lamulo la kuchipatala cha ma ARV likugwira bwinobwino: asilikali akabwerera, chotupa chimasowa mpata. HIV nayonso imawadziwa ma microglia. Imalowa m'kati mwawo n'kubisalamo, kuseri kwa mpanda umene mankhwala ena amavutika kuudutsa.

Kachilombo ka Epstein-Barr komweko, kakakumana ndi malungo obwerezabwereza, kamathandiza kuyambitsa Burkitt lymphoma, khansa imene imatupitsa nsagwada kapena mimba ya ana ndipo ndi imodzi mwa makhansa ofala kwambiri mwa ana a m'Malawi. Denis Burkitt adaifotokoza ku Uganda mu 1958, ndipo pa ulendo wake wa mu 1961 wozungulira zipatala za kum'mawa ndi kummwera kwa Africa adadutsanso mu Nyasaland, n'kupeza kuti imakonda madera otsika ndi otentha, kumene udzudzu umachuluka. Khansayi imatha kufalikira ku ubongo ndi kumsana. Poti mpanda uja umatchinga mankhwala opita m'magazi, ana odwala matendawa ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux adagwira ntchito zaka zambiri, amabayidwanso mankhwala ena kumsana kuti alowe m'madzi a ubongo.

Chinthu chooneka ngati chotupa pa sikani si nthawi zonse chimakhala khansa. Chifuwa chachikulu chimatha kupanga mbulu mu ubongo, umene kwenikweni ndi mulu wa ma macrophage atazinga tizilombo ta TB. Tizilombo ta toxoplasma timapanga zithupsa mwa amene CD4 yawo yatsika, ndipo nyongolotsi za mu nyama ya nkhumba zimasiya timatumba toyambitsa khunyu. Zonsezi zimachizika. N'chifukwa chake munthu wa HIV akapezeka ndi chotupa m'mutu, madokotala nthawi zambiri amayamba ampatsa mankhwala a toxoplasma, monga Bakitirimu wa mlingo waukulu, kwa masabata awiri, n'kuona ngati asintha, asanaganize za khansa.

Chimene chimapweteka wodwala tsiku ndi tsiku si chotupa chokha ayi, ndi kutupa kwa ubongo wozungulira, pamene madzi akutuluka m'mitsempha yobooka ija. Za kuopsa kwa kutupa kwa ubongo, dziko lonse lidaphunzira zambiri kuchokera ku Blantyre. Makina a MRI adafika ku Gulupu mu 2008 kudzera m'ntchito ya Terrie Taylor wa ku Michigan State University, ndipo mu 2015 kafukufuku wa ana 168 odwala malungo a mu ubongo adaonetsa kuti mwa amene adamwalira, 84 pa 100 alionse adali ndi ubongo wotupa kwambiri, pomwe mwa opulumuka adali 27 pa 100. Pa malungo mankhwala a dexamethasone sathandiza. Pa chotupa amathandiza modabwitsa: munthu amene dzulo samalankhula, mawa akhoza kudzuka n'kupempha phala. Akhala akugwiritsidwa ntchito chotero kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ndi otsika mtengo. Koma dexamethasone amaziziritsa chitetezo chonse, kuphatikizapo maselo a T ochepa aja amene akadalimbana ndi chotupa, ndipo kwa munthu wa kuno amatsegulanso khomo kwa TB ndi kukweza shuga. Madokotala amayesetsa kupereka mlingo wochepa umene ungagwire ntchito.

Mankhwala omasula buleki ya maselo a T, amene adapezetsa James Allison ndi Tasuku Honjo mphotho ya Nobel mu 2018, asintha moyo wa odwala khansa ya pakhungu ndi ya m'mapapo, ngakhale itafalikira ku ubongo. Pa glioblastoma adalephera. M'kafukufuku wamkulu wotchedwa CheckMate 143, nivolumab sadatalikitse moyo kuposa mankhwala amene adafaniziridwa nawo. Kumasula buleki kulibe phindu ngati m'galimoto mulibe woyendetsa, ndipo glioblastoma ilinso ndi zizindikiro zachilendo zochepa zimene maselo a T angaizindikirire.

Maso adatembenukira kwa alonda aja. Mu 2013 gulu la Johanna Joyce ku New York lidapatsa mbewa za glioma mankhwala otseka khutu limene ma macrophage amamvera CSF-1. Zotupa zidafota ndipo mbewa zambiri zidakhala moyo. Chosayembekezeka chidali chakuti ma macrophage a m'chotupa sadafe, adangosiya kuchitumikira. Koma mu 2016 gulu lomwelo lidanena kuti mwa mbewa zoposa theka chotupa chidabwerera, ma macrophage atayamba kuchidyetsa ndi puloteni ina, IGF-1. Mankhwala a mtundu womwewo, PLX3397, atayesedwa pa anthu, adafika m'chotupa koma sadathandize. Mu 2024 madokotala a ku Massachusetts General Hospital adathira m'madzi a ubongo wa odwala atatu maselo awo a T osinthidwa mu labotale. Zotupa zidafota m'masiku ochepa, koma mwa awiri zidabwereranso. Chaka chomwecho dziko la America lidavomereza vorasidenib, mankhwala akumwa a glioma ya IDH, amene amachepetsa mankhwala ogonetsa aja ndi kuchedwetsa kukula kwa chotupa.

Wodwala wa ku Thekerani amakumana ndi nkhani yonseyi kudzera m'zizindikiro wamba. Mutu umawawa masabata angapo, makamaka m'mawa, limodzi ndi kusanza. Munthu wamkulu amene sadadwalepo khunyu amayamba kugwa. Dzanja kapena mwendo umafooka pang'onopang'ono, osati mwadzidzidzi ngati sitiroko. Maso amachita chidima, kapena khalidwe limasintha moti abale amayamba kunong'onezana za kulodzedwa. Kwa khanda mutu umakula mopitirira. Mutu wambiri wowawa si chotupa, ndipo woyeza kuchipatala amayamba ndi malungo, kuthamanga kwa magazi, HIV ndi matenda oumitsa khosi. Zizindikiro zikamakulirakulira, njira yake ndi ya msewu wodzera ku Makwasa, kumene kuli chipatala cha Malamulo, kukafika ku chipatala cha boma ku Thyolo, kenaka ku Gulupu, kumene kuli makina ojambula m'mutu ndi gawo la opaleshoni ya ubongo limene Dr. Patrick Kamalo adalikulitsa mothandizana ndi Oslo University Hospital ya ku Norway.

Kachidutswa ka chotupa kakachotsedwa, woyeza nyama mu labotale ndiye amanena ngati ndi meningioma, imene opaleshoni yokha ingaithetse, kapena mbulu wa TB, lymphoma, kapena glioma. Kwa zaka zambiri m'Malawi mudalibe chithandizo cha cheza, ndipo odwala ankatumizidwa ku India, ku Tanzania kapena ku Cancer Diseases Hospital ya ku Lusaka. Tsopano makina ake alipo ku Blantyre ndi ku National Cancer Centre pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Kwa amene chotupa chawo sichingachotsedwe, a Tiyanjane ku Gulupu amasamalira akuluakulu ndipo a Umodzi amasamalira ana, ndi mofini wa ululu, mankhwala oletsa kugwa, ndi dexamethasone woperekedwa mwa mlingo, kuti wodwala athe kubwerera kwawo.